Anawafunsa Ndani?

Buku ili ndinachita kulanda. Linali pansi pa desiki ya mtsikana wina wa Giredi 11, masana ena otentha a mu Novembala, ine ndili kalikiliki pabolodi. Chikuto chinali chitang'ambika, masamba atada ndi thukuta la manja ambiri, ndipo kuseri kwa chikutocho kunali maina asanu ndi awiri a atsikana amene anali kudikira kuti nawonso awerenge. Ndinamuuza kuti adzalitenga mu Januwale sukulu ikadzatsegulidwa. Anandiyang'ana ngati ndamuchotsera nsima pakamwa. "Madamu, atsala machaputala atatu chabe." Sindinamumvere chisoni. Ndinaliponya m'chikwama, ndipo m'chikwama momwemo linakwera nane basi ya ku Mfuwe pamene ndinapita kukaona ambuya patchuthi cha Khirisimasi.

Linali Redeeming Love, la Francine Rivers. Ambiri a inu mukulidziwa. Ngati simunaligwire m'manja, munalilandira pa WhatsApp, kapena munaonera filimu yake ya 2022 pa foni ya mnzanu, kapena munamva mtsogoleri wa achinyamata kutchalitchi akulitamanda. M'makomboni mwathu mabuku otere amayenda okha, dzanja ndi dzanja, pamene amene ife aphunzitsi timakakamiza ana kuwerenga akudyedwa ndi chiswe m'kabati.

Ndinalimaliza m'masiku atatu, masana pansi pa mtengo wa mango, usiku ndi tochi ya foni m'kati mwa neti. Ndinalira. Ine amene ndinakhala zaka zinayi payunivesite kuphunzira kusenda nkhani ngati mbatata, ndinalira mpaka ambuya anafunsa ngati kwabwera uthenga wa maliro pafoni. Koma nditatseka tsamba lomaliza ndinakwiya, ndipo mkwiyowo sunathe mpaka lero. Misozi ija ndi yanga, mkwiyo nawonso ndi wanga, ndipo sinditaya chimodzi kuti chinzake chioneke bwino.

Kwa inu amene simunaliwerenge, nkhani yake ndi iyi. Kamtsikana kotchedwa Sarah kanabadwa kunja kwa ukwati, kum'mawa kwa America. Atate ake sanakafune. Amai ake atamwalira mu umphawi, kanagulitsidwa kali ndi zaka 8 kwa munthu wachuma wotchedwa Duke, amene anakasandutsa katundu wake. Ngakhale dzina anakalanda, kanakhala Angel. Atakula, Angel anathawira ku California, kumene amuna miyandamiyanda anali atathamangira kukakumba golide, ndipo mu 1850 timupeza m'nyumba ya mahule m'katauni ka migodi kotchedwa Pair-a-Dice. Mlimi wina woopa Mulungu, Michael Hosea, anabwera m'tauni kudzagulitsa za kumunda kwake, namuona akudutsa mumsewu, namva mumtima mwake Mulungu akumuuza kuti akwatire ameneyo. Anamukwatiradi napita naye kumunda. Angel anathawa, Michael anakamutenga. Anathawanso, anakamutenganso. Nkhaniyo yatengedwa m'buku la mneneri Hoseya, amene analamulidwa kukwatira Gomeri. Bukuli linatuluka koyamba mu 1991.

Ndiyambe ndi chimene ndinalikondera, chifukwa amene amanyoza mabuku achikondi nthawi zambiri sanawerengepo ngakhale limodzi. Rivers akudziwa chimene nkhanza imachita m'kati mwa mwana. Angel amasamba koma sadzimva kuti wayera. Munthu akamuchitira chabwino, iye amayamba kuwerengera kuti adzalipira bwanji, popeza m'moyo wake wonse palibe chimene analandirapo chaulere. Chifundo chimamuopsa kuposa chibakera, pakuti chibakera amachidziwa. Ndaphunzitsa atsikana otere. Ukawayamikira pa komposishoni yabwino amayang'ana pansi ngati wawatukwana. Ena anachitidwa chipongwe ndi wachibale amene amawalipirira yunifomu, ndipo nkhaniyo inathera pabwalo la banja, mbuzi inaperekedwa, mwana anauzidwa kutseka pakamwa. Mtsikana wotere akapeza buku lomuuza kuti cholakwa si chake, kuti angathe kukondedwa ngakhale zinachitikazo zinachitika, nkosadabwitsa kuti amalibisa pansi pa desiki. Bukuli likunena zimene ife akulu timaopa kunena. Pa ichi chokha ndikuvulira chitambala.

Koma chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Nyerere zake sindinazione ndekha, anandionetsa ndi ambuya, amene sanapondepo m'kalasi. Madzulo ena tikusenda nyemba anandiuza kuti ndiwafotokozere chimene chikundiliza. Ndinawasimbira nkhani yonse. Anamvetsera osadula mau, ndipo nditamaliza anafunsa mafunso awiri chabe. Loyamba: "Nanga mwana wamkaziyo, iye mwini anavomera?" Lachiwiri: "Munda umene mwamunayo anali kulima, anamupatsa ndi amfumu ati?"

Titenge loyamba. Michael anapita kangapo kunyumba ya mahule ija, kulipira golide kuti angolankhula ndi Angel, ndipo ulendo uliwonse Angel anakana kukwatiwa naye. Anakana momveka. Ukwati unachitika liti? Unachitika Angel atamenyedwa ndi kapitao wa panyumbapo mpaka kutsala pang'ono kufa, ali gone pabedi, osadziwa bwino ngati kunja kwacha kapena kwada. M'pamene mphete inalowa pachala. Pamene nzeru zinabwerera, anapezeka ali mkazi wa munthu, pamunda wakutali, wopanda ndalama, wopanda koti n'kupita. Tchulani zimenezi ndi dzina lililonse limene mukufuna, koma kwathu ku Mambwe ngakhale nkhoswe yaulesi imayamba yafunsa mwana wamkazi ali maso, atakhala pamphasa, pamaso pa anthu.

Onaninso nkhani ya maina. Duke anamutcha Angel. Michael naye, munthu wabwino uja, sanadikire kuti amve dzina lake lenileni. Anayamba kumupatsa maina ake: lero Mara, mawa Tirzah, mkuja Amanda. Bukuli likufuna kuti tione chikondi m'maina amenewa, ndipo ndikuvomera kuti akoma kumva. Koma wogula anamupatsa dzina, womuombola naye anamupatsa dzina, ndipo onse awiri anali otsimikiza kuti akudziwa chimene mkaziyu ali kuposa mwini wake.

Mudzati, "Madamu, koma Michael anamupulumutsa. Akanamusiya akanafa." Zoona. Ndipo wolemba ndiye anakonza kuti zikhale choncho. Iye ndiye anatseka makomo ena onse kuti khomo la Michael lokha likhale lotsegula, iye ndiye anaika mau a Mulungu m'khutu la Michael kuti ife owerenga tisakayike. M'buku timamva mauwo limodzi naye, ndiye tikudziwa kuti sakunama. Nanga kunja kuno? Kunja kuno mtsikana amangomva mwamuna akunena kuti, "Mulungu wandionetsa kuti ndiwe mkazi wanga." Alibe tsamba loti atsegule kuti aone ngati ndi zoona. Ndi angati a inu amene munauzidwapo mau amenewa pambuyo pa mapemphero a usiku, ndi munthu amene dzulo lake anauza mnzanu zomwezo? Mtsikana amene wamwa bukuli osatafuna waphunzira kuti kukana kwake ndi chizindikiro cha bala la mumtima, kuti mwamuna wosamva "iyai" ndiye wachikondi chenicheni, ndi kuti akamulondola kumene wathawira ndiye kuti wapeza Michael wake.

Mudzatinso, "Koma ndi fanizo, Michael akuimira Mulungu." Apa m'pamene pali vuto lenileni. Buku la Hoseya likukamba za Mulungu ndi mtundu wa Israyeli. Ukwati wa mneneriyo unali chizindikiro kwa anthu a nthawi yake, sunali phunziro la alangizi. Ukatenga fanizo limenelo n'kuliveka thalauzi ndi chipewa, n'kulipatsa nkhope yokongola ndi mapewa otambalala, mnyamata wowerenga amadziika pamalo pa Mulungu, mtsikana amadziika pamalo pa wochimwa. Ndipo dziko lathu lili kale ndi maphunziro okwanira a mtundu umenewu. Kuchinamwali timauzidwa kupirira. Ku kitchen party timauzidwa kupirira. Ukwati tinaupatsa kale dzina la nthabwala, shipikisha club, ndipo timaseka chifukwa kulira kwatitopetsa. Tsopano kwabwera mlangizi wina wochokera ku America, wa masamba oposa 400, wolankhula mokoma kuposa onse.

Dziko lino lakhala likuvutika kuti liphunzitse anthu kuti mau a mwana wamkazi ali ndi kulemera. Mu 1997 boma linalola kuti mtsikana amene watenga mimba abwerere kusukulu akabereka. Mu 2011 tinalandira lamulo lolimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Kumapeto kwa 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa kuti ukwati wa mwana wosafika zaka 18 usakhale ukwati konse, ngakhale utamangidwa mwa mwambo. Kuno kum'mawa tikudziwa chifukwa chake malamulo amenewa anafunika, tikudziwa madesiki amene amakhala opanda munthu mvula ikatha. Ndiye musandiuze kuti nkhani ya kuvomera ndi yaing'ono, yoti tingailumphe kuti tikafike msanga pamene akupsompsonana.

Kunena chilungamo, bukuli lili ndi mbali imodzi imene ikutsutsana ndi zonse ndanenazi, ndipo ndiyo mbali yake yabwino koposa. Ulendo womaliza Angel atathawa, Michael sanamulondole. Anakhala pamunda, mtima ukuwawa. Angel ali yekha ku San Francisco m'pamene anapeza chikhulupiriro chake, natsegula nyumba yophunzitsa akazi anzake ntchito zamanja kuti achoke m'uhule. Patapita zaka anabwerera ndi miyendo yake, ndipo m'pamene anaulula dzina limene amai ake anamupatsa. Apa ndi pamene ndinalira kwambiri. Koma taonani chimene zikutanthauza: mkaziyu anachira pamene anasiyidwa kuti asankhe yekha. Wolemba akuchidziwa chimenechi. Chondikwiyitsa n'chakuti pamafunika kudutsa masamba mazana a kukokedwa ndi kubwezedwa kuti ufike pamenepo, ndipo amene amatamanda bukuli paguwa amatamanda kukokako, za kusiyako sanena.

Tsopano funso lachiwiri la ambuya, limene linandisowetsa tulo. Munda uja anamupatsa ndani?

M'bukuli Michael ali ndi chigwa chokongola, mtsinje, nthaka yachonde, malo ochuluka moti akutha kugawirako banja lina la alendo limene anakumana nalo panjira. Pali malo ena okoma kwambiri pamene akutenga Angel usiku kukwera naye phiri kuti akaone dzuwa likutuluka, kumuonetsa moyo watsopano umene akumulonjeza. Ndinawerenga pamenepo mtima uli m'malere. Sindinadzifunse ngakhale kamodzi kuti kodi dziko lokongola chotere linali lopanda anthu? Ambuya anafunsa msanga chifukwa kwathu palibe munthu amene amangofika n'kuyamba kugwetsa mitengo. Umapita kwa anduna, umapita kwa amfumu, umauzidwa kuti apa panali munda wa auje, apo pali manda, uko musakhudzeko.

California inali ndi eni ake: a Nisenan, a Miwok, a Pomo, a Yokuts ndi mitundu ina yambiri, yolankhula zinenero zosiyanasiyana. Golide anapezeka mu Januwale 1848 pamalo otchedwa Sutter's Mill, m'dziko la a Nisenan, ndipo m'zaka zochepa anthu pafupifupi 300,000 anakhamukira kumeneko. Wolemba mbiri Benjamin Madley, m'buku lake An American Genocide la 2016, akuonetsa kuti eni dzikowo anali pafupifupi 150,000 mu 1846, ndipo pofika 1873 anatsala pafupifupi 30,000. Ena anafa ndi matenda ndi njala atalandidwa malo, ena anaphedwa ndi magulu a mfuti amene boma linali kuwalipira. Mu 1850, chaka chomwecho chimene Michael anaona Angel mumsewu, California inakhazikitsa lamulo limene linalola azungu kutenga ana a eni dziko n'kuwasunga ngati antchito, ndipo kuba ndi kugulitsa ana kunasanduka malonda. Mu 2019 bwanamkubwa wa California, Gavin Newsom, anapepesa poyera, nazitcha yekha kuti kunali kupululutsa mtundu wa anthu.

Imani pamenepo pang'ono. Buku lonse lamangidwa pa chisoni cha kamtsikana kamodzi kamene kanagulitsidwa. Chisoni chimenecho n'choyenera. Koma m'zigwa zomwezo, m'chaka chomwecho, ana ena anali kugulitsidwa mothandizidwa ndi lamulo, ndipo pakati pa anthu onse amene nkhaniyi yatipatsa kuti tiwakonde kapena kudana nawo, palibe ngakhale mmodzi wa mtundu wa ana amenewo. Sikuti wolemba ndi wankhanza. Umu ndi mmene nkhani za kumadzulo kwa America zakhalira kuyambira kale: dziko liyenera kuoneka lopanda munthu kuti mlendo wolimba mtima akhale woyamba kuliona. Chikondi chimakoma bwino pamalo amene asesedwa kale. Amene anasesedwawo sitiwaona, chifukwa maso athu ali pa awiri aja ali paphiri kudikira dzuwa.

Matendawa si atsopano kwa ife. Agogo athu amene anagwira ntchito m'migodi ya ku Copperbelt anali kudzazana m'mabwalo a bayisikopo kuonera mafilimu a makauboyi. Hortense Powdermaker, amene anachita kafukufuku ku Luanshya cha m'ma 1953, analemba m'buku lake Copper Town mmene anthu anali kuwakondera mafilimu amenewo. Anthu olamulidwa ndi atsamunda, okhala m'makomboni a kampani, anali kuombera m'manja munthu wapahatchi amene akulanda dziko la anzawo. Sindikuwaseka. Inenso ndinaombera m'manja pansi pa mtengo wa mango. Ndipo nayi nthabwala yowawa: filimu ya Redeeming Love anaijambulira ku South Africa. Mapiri ndi zigwa zimene munaona pafoni n'kumati ndi California ya 1850, ndi nthaka ya Africa, yosesedwa bwino kuti ioneke yopanda mwini.

Usiku umene ndinamaliza bukuli, agalu anayamba kuuwa cha m'ma 1 koloko. Kenaka zitini, malikhweru, kukuwa kwa anyamata. Njovu zinali zitalowa m'mango a kuseri kwa mudzi. Tinakhala pakhonde mpaka mbandakucha, ambuya atafunda chitenje, akuwerenga ndi khutu kuti zafika pamunda wa yani. M'mawa ndinatsegula intaneti n'kuyamba kuwerenga mmene chigwa chathu chimagulitsidwira kwa alendo a kunja. Tsegulani nanunso muone. Mupeza mau onena za thengo losakhudzidwa ndi munthu, Africa monga analili pachiyambi, malo abwino a anthu ongokwatirana kumene. Mupeza zithunzi za awiri atagwirana manja, matambula m'manja, dzuwa likulowa pa Luangwa, mvuu zikuyasamula. Ndi buku lomwe lija. Chigwa chokongola, awiri okondana, eni ake kulibe.

Koma chigwa ichi chili ndi eni. Muli Akunda pansi pa mafumu asanu ndi limodzi: Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Mnkhanya, Malama ndi Msoro. Chakumpoto kuli Abisa ndi Asenga. Anthu anali kulima mapira, kusaka, kuwedza ndi kuika akufa awo muno kalekale David Livingstone asanaoloke Luangwa mu 1866. Boma la atsamunda linapatula malo a nyama mu 1938, ndipo mu 1972 malowo anakhala South Luangwa National Park, ya makilomita 9,050 m'bwalo lake lonse. Popatula malo amenewa midzi ina inasamutsidwa. Ambuya amati makolo awo anagona kumene lero kumayenda magalimoto a alendo, ndipo kuti akaone mtengo umene unali pabwalo la mudziwo afunika kulipira pageti. Ngakhale nyama zinalandira maina a alendo, monga Angel uja. Nyamalikiti ya muno, imene sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi, imadziwika m'mabuku ndi dzina la Thornicroft, bwana wina wa boma la atsamunda. Nyumbu ya muno ndi ya Cookson. Anthu amene anakhala nazo zaka mazanamazana sanafunsidwe kuti inu mumazitcha chiyani.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti paki ichotsedwe. Ndikudziwa chimene chinachitika m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pamene opha nyama mozemba anatha zipembere zonse za muno ndi kupulula njovu zosawerengeka. Ndikudziwa kuti malipiro a m'malodge aphunzitsa ana ambiri, ena a iwo ndi abale anga, ndi kuti anyamata a ku Mfuwe ali m'gulu la operekeza alendo odziwa ntchito kwambiri mu Africa. Ndikudziwanso kuti mu 1950 Norman Carr anachita chimene azungu ambiri a nthawi yake sanachite: anapita kwa Mfumu Nsefu kukapempha kuti apatule malo, ndi pangano loti ndalama za alendo zipite kwa anthu a mfumuyo. Anafunsa. N'chifukwa chake dzina lake likukumbukikabe m'chigwa muno. Koma onani mmene nkhaniyo imasimbidwira. Carr analemba mabuku, Return to the Wild ndi ena, ndipo dziko lonse likudziwa za mikango iwiri imene analera. Nanga maganizo a Mfumu Nsefu tsiku limene anavomera, mantha ake, zimene nduna zake zinamuuza usiku, zili m'buku liti? Mikango ili ndi maina m'mabuku. Anyamata amene anasenza katundu ndi mfuti kutsogolo kwa alendo ambiri a iwo alibe.

Mafunso awiri a ambuya ndi funso limodzi. Munthu afika, aona chinthu chokongola, amva mumtima mwake kuti chapatsidwa kwa iye, achitcha dzina, achisamala ndi mtima wonse, ndipo chifukwa choti akuchisamala bwino palibe amene akukumbuka kufunsa ngati mwini wake anavomera. Mkazi ndi nthaka zimalowa m'nkhani zotere pakhomo limodzi. Ndipo choopsa si munthu woipa ngati Duke, pakuti iye aliyense amamuona. Choopsa ndi munthu wabwino amene sanaphunzire kufunsa.

Tsono ndili ndi mau kwa magulu awiri. Kwa inu azimai a kutchalitchi, alangizi ndi atsogoleri a achinyamata amene mumapereka bukuli kwa atsikana ngati mphatso ya ukwati: lekani kulipereka ngati malamulo. Ngati mwalipereka, khalani nawo pansi, muwafunse mafunso a ambuya. Muwauze kuti mwamuna amene wamva mau a Mulungu angathe kudikira mpaka mkazi naye atawamva. Ndipo kwa inu aphunzitsi anzanga amene mumati mabuku achikondi ndi zinyalala, ana aziwerenga mapepala a mayeso akale basi: inenso ndinali kumbali yanu tsiku lija ndinalanda bukuli, ndipo ndinalakwa. Mwana amene wamaliza masamba oposa 400 a Chizungu popanda womukwapula ndi wowerenga kale. Ntchito yathu ndi kumuphunzitsa kukangana ndi buku, kulikonda ndi kulitsutsa nthawi imodzi, monga timachitira ndi abale athu. Mwana amene waphunzira kufunsa buku kuti "ndani akusowa muno?" adzafunsanso wandale, mneneri ndi chibwenzi.

Ndipo kwa inu achinyamata amene mukuwerenga izi pafoni, mabando akutha: wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati nkhani za eni ake zikutisiya kunja, tidikira yani kuti atilembe? Julius Chongo anagwira dziko lonse pawailesi ndi Poceza m'Madzulo, m'chinenero chomwechi. Gulu la zisudzo la SEKA ku Mfuwe laonetsa kuti nkhani za m'chigwa zingathe kuseketsa ndi kuliza mlendo ndi mwini mudzi pabwalo limodzi. Namwali Serpell anatenga mbiri ya Zambia n'kuipinda monga afunira mu The Old Drift. Chikusowa ndi buku lachikondi la m'chigwa muno lolembedwa ndi mwana wa muno, m'Chinyanja, m'Chikunda kapena m'Chinsenga. Zolembera zilipo zambiri. Mtsikana wa m'mudzi umene ukusamutsidwa mu 1938, ndi mnyamata amene walembedwa ntchito yolondera nyama ndi boma lomwelo limene likuwasamutsa. Mkazi amene mwamuna wake anapita ku migodi ya ku Wankie n'kukhala zaka zisanu osatumiza kalata. Woperekeza alendo wa lero amene masana amathira vinyo kwa okwatirana kumene, usiku akuimbira foni bwenzi lake kumudzi kufunsa ngati njovu zasiyako chimanga. Anthu awiri amene anaonana koyamba pa mwambo wa Malaila, m'fumbi ndi ng'oma. Lembani dzuwa likutuluka pa Luangwa, lembani kugunda kwa mtima, musachite manyazi. Koma m'nkhani yanuyo mkazi afunsidwe ali maso, ndipo munda ukhale ndi mbiri yake.

Mu Januwale ndinabweza buku lija. Ndinalimata chikuto ndi selotepi, ndipo pansi pa maina asanu ndi awiri aja ndinalembapo langa, lachisanu ndi chitatu. Mtsikanayo ataona anatseka pakamwa ndi dzanja. Ndinamuuza kuti amalize machaputala ake atatu, ndipo akamaliza iye ndi anzake onse a pamndandanda abwere Lachisanu masana m'kalasi mwanga. Anabwera asanu ndi mmodzi. Ndinalemba mafunso awiri a ambuya pabolodi n'kukhala pansi. Anakangana mpaka mlonda anabwera kudzatseka. Awiri anaima nji kumbali ya Michael, ndipo mmodzi wa iwo anandiuza m'maso kuti ine ndawerenga ndi mutu chabe, mtima ndinausiya ku Mfuwe. Sindinamutsutse. Wina, amene samalankhula kawirikawiri m'kalasi, anadikira anzake atatuluka, nafunsa ngati nkhani yachikondi ingayambire pa maliro a munthu wophedwa ndi njovu. Ndinamuuza kuti ingathe. Ndinamupatsa kope latsopano la masamba 96, ndipo ndikudikira.